Kodi waya wa intaneti ungabweretse matchanelo a kwathu pa TV?

Mayi ena a ku Chibanja, kuno ku Mzuzu, anditumizira imelo. Akuti anakoketsa intaneti ya faiba m'nyumba chifukwa cha ntchito, ndiye alongo awo amene amakhala ku America awauza kuti iwo kumeneko ankalipira intaneti yokha, koma atalowetsa waya womwewo kumbuyo kwa TV ankaonera matchanelo a m'dera lawo osalipira. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi nanenso ndingatero kuti ndizionera nkhani za MBC ndi Zodiak madzulo?"

Mayi, alongo anuwo sanakunamizeni, kungoti waya wawo ndi wanu ndi zinthu ziwiri zosiyana kotheratu.

Ku America nyumba zambiri zimalandira intaneti kudzera pa waya wa coaxial, wozungulira uja wokhala ndi kachitsulo kamodzi ka kopa pakati, wofanana ndi wa dishi. Mawaya amenewa anayalidwa kaamba ka TV, intaneti inangobwera pambuyo n'kupatsidwa malo ake m'waya momwemo. Choncho kampani ikamatumiza matchanelo, amafika pakhomo lililonse limene wayayo wadutsa, olipira ndi osalipira omwe. Kuti munthu wa intaneti yokha asaonere, pankafunika munthu akwere pa polo kukaika kasefa kotchinga, ndipo nthawi zina sankakaika. Matchanelo a m'deralo ankatumizidwa osakiya, zimene amazitcha Clear QAM, moti TV yodziwa kuwerenga siginolo ya pa waya ya mtundu umenewu inkangowatola. Koma mu 2012 bungwe la FCC, limene ntchito yake ikufanana ndi ya MACRA kwathu kuno, linalola makampani amene anasamukiratu ku digito kuti azikiya ngakhale matchanelo amenewa. Makampani akuluakulu, monga Comcast, anakiyadi. Mukawafunsitsa alongo anuwo, mwina mupeza kuti akunena za zaka zapitazo.

Tsono bwerani kwanu. Kawaya kopyapyala kamene kalowa m'nyumba mwanu mulibe kopa, muli kaulusi ka galasi kodutsamo kuwala. Kamathera m'kabokosi kapakhoma, kuchoka apo ndi Wi-Fi kapena waya wa kompyuta wa timawaya 8. TV yanu ilibe poboola polowetsa faiba, ndipo kampani imene imakugulitsani intaneti yokha siikamo matchanelo oti muwatole. Ndikupempheni ndithu: musalole mnyamata aliyense wa screwdriver m'thumba adule kapena kupinda kawayako poti akuyesa. Faiba ikathyoka simangidwa ndi tepi, imafuna makina ake olumikizira. Komanso musasuzumire kunsonga kwake, chifukwa kuwala kwake sikuoneka ndi maso koma kungathe kuwononga diso. Ana muwauzenso zimenezi.

Njira ya matchanelo a kwathu ndi mlengalenga. Malawi amaulutsa TV ya digito pa njira youlutsira yotchedwa DVB-T2, ndipo amene amanyamula masiteshoni ndi kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, eni ake a dikoda ya Kiliye Kiliye. Ndiye choyamba tembenuzani TV yanu, muwerenge kachikalata kakumbuyo kapena kabuku kake. Mukaona mawu oti DVB-T2, gulani eriyo ya UHF, mulumikize, mulowe mu menu n'kusankha kusaka matchanelo a digito. Amene ali osakiya adzaoneka. Ena adzangoonetsa dzina n'kulemba kuti scrambled. Amenewo ndi okiya, amafuna dikoda ya eni ake, ndipo palibe eriyo yaikulu imene ingawatsegule. Mukafuna kugula dikoda, wogulitsayo ayiyatse pamaso panu, muone matchanelo amene ikutulutsa, mufunsenso ngati pali cholipira pamwezi musanatulutse ndalama.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ambiri amapwetekera pomwepa. Alongo anu akadzati akutumizireni TV ya ku America, auzeni atumize ndalama. TV za kumeneko zimamva njira ina youlutsira yotchedwa ATSC, sizingatole siginolo yathu pa eriyo, ndipo zina zimafuna magetsi a 120 volts pomwe athu ndi 230. Za ku Tanzania ndi ku South Africa ndiye zili m'gulu lathu, popeza nakonso ndi DVB-T2, komabe werengani kachikalata kaja. TV zakale zolembedwa DVB-T popanda 2 sizikwanira.

Za eriyo ku Mzuzu kuno ndalankhulapo ndi anthu ambiri, ndipo vuto lake limakhala lomwelo: zitunda ndi mvula. Ngati nyumba yanu ili kudambo, ka eriyo ka pamwamba pa kabati sikakuthandizani; imikani mtengo wa bulugama, eriyo ipitirire denga, muyang'ane kumene za aneba zaloza. Kwathu chaka chatha chithunzi chinkaduka m'timabokosi nthawi iliyonse mvula ya mawawa ija ikayamba. Nditatsitsa mtengo ndinapeza polumikizira waya pachita dzimbiri lobiriwira, madzi atalowa m'kati mwa waya pafupifupi utali wa mkono. Ndinadula pamenepo, n'kuika cholumikizira chatsopano, n'kukulunga bwino ndi tepi, ndipo wayayo ndinaupinda pang'ono cham'munsi usanalowe pa zenera kuti madzi azidonthera panja. Mpaka lero sizinabwererenso. Kukachita ziphaliwali muzizula waya wa eriyo ku TV.

Intaneti yanuyo ili nayo ntchito ndithu. Masiteshoni angapo, kuphatikizapo Zodiak, Times ndi MBC, amaulutsa nkhani ndi mapologalamu ena pa Facebook, ndipo mungathe kuonera pa foni, pa smart TV, kapena pa laputopu yolumikiza ku TV ndi waya wa HDMI. Kungoti muwerengere: kanema wobwera pa liwiro la intaneti la 2 Mbps amadya pafupifupi 900 MB pa ola limodzi. Nkhani za ola limodzi madzulo aliwonse ndi 27 GB pamwezi. Ngati phukusi lanu lilibe malire, onerani mtima uli m'malo. Ngati lili ndi malire ndipo ndi lomwelo mumagwirira ntchito, eriyo ikupulumutsani pa matchanelo osakiya, chifukwa mugula kamodzi basi.

Mukasaka matchanelo mundilembere amene atuluka ku Chibanjako, nditumizireninso chithunzi cha kachikalata ka kumbuyo kwa TV ngati mawu ake akukuvutani.