Kodi phungu angapange lamulo payekha?

Mayi wina wa ku Bangula wandilembera imelo. Akuti nthawi ya kampeni mmodzi mwa ofuna uphungu adawalonjeza, ali chiimire pamwamba pa lole, kuti akakangolowa m'Nyumba ya Malamulo akapanga lamulo loti boma limange khoma lotchinga madzi a Shire. Funso lawo: "Kodi zimatheka motero?"

Amayi, mudadyetsedwa mawu okoma. Phungu akhoza kubweretsa bilu yakeyake, ndiye kuti chikalata chopempha kuti pakhale lamulo latsopano, makamaka Lachinayi, tsiku la nkhani za aphungu wamba. Koma malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 akuti bilu yokhudza misonkho kapena yotapa ndalama m'thumba la boma singakambidwe popanda chilolezo cha Nduna ya Zachuma. Nanga khoma limamangidwa ndi malovu?

Mabilu ambiri amachokera kuboma. Unduna umapereka ganizo, maloya a ku Unduna wa Zachilungamo amalilemba m'chilankhulo cha malamulo, nduna zonse zimavomereza, kenako biluyo imapita ku Lilongwe kwa aphungu 229 aja. Kumeneko imawerengedwa katatu, koma kuwerenga koyamba ndi kungotchula mutu wake basi. Mkangano umene mumaumva pawailesi masana, Sipikala akuletsa phokoso, ndi wa kuwerenga kwachiwiri, pomwe amatsutsana ngati biluyo ili yofunika. Pamene ine ndimatcherapo khutu ndi pambuyo pake, akamaiona ndime ndi ndime. Pamenepo liwu limodzi likhoza kusintha zonse: "nduna iyenera" kusanduka "nduna ikhoza", ndipo anthu okhala m'misasa ya kusukulu nthawi ya dzinja atsala opanda pogwira. Phungu wanu akakhala kuti wapita kukamwa tiyi nthawi imeneyo, ndiye kuti mwagwa nayo.

Ikadutsa kachitatu imapita kwa Pulezidenti, yemwe ali ndi masiku 21 oti asainire. Akakana, amaibweza kwa Sipikala ndi zifukwa zake, monga adachitira a Peter Mutharika ndi mabilu a zisankho mu Malichi 2020. Aphungu amadikira masiku 21, ndipo akaivomerezanso pasanathe miyezi itatu, Pulezidenti ayenera kusainira. Nyumba yachiwiri tilibe, ya Senate idachotsedwa m'malamulo mu 2001 isanakhaleko n'komwe. Ngakhale atasainira, lamulo siligwira ntchito lisanasindikizidwe mu Gazeti ya boma.

Ife a kuchigwa tili ndi chitsanzo pakhomo. Lamulo la ngozi zogwa mwadzidzidzi lidali la 1991, chaka cha napolo wa ku Phalombe. Madzi a 2015 adatipeza nalo lomwelo, a namondwe wa Idai mu 2019 chimodzimodzi. Bilu yatsopano idadutsa mu Epulo 2023, patangopita mwezi namondwe wa Freddy atasesa midzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa.

Tsono mukadzakumana naye wolonjeza khoma uja pamaliro kapena pamsika, mudzamufunse ngati khomalo adalitchulapo pokambirana bajeti, ndiponso kuti nduna idamuyankha chiyani.