Kodi ife anthu akuda tinatembereredwa kudzera mwa Hamu?

Achimwene, mwati kuntchito kwanu wina wakuuzani kuti ife anthu akuda ndife ana a Hamu, kuti Nowa anatitemberera kuti tikhale akapolo, ndiye n'chifukwa chake Africa ikadali yosauka mpaka lero. Mwafunsa ngati zimenezi zilimodi m'Baibulo, ndipo ngati zilimo, mungamupembedze bwanji Mulungu wotere. Ndaona ena akuyankhani kuti musamafunse za Mulungu. Ine ndikuti mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Tengani Baibulo lanu, kaya ndi Buku Lopatulika kaya Buku Loyera, mutsegule Genesis 9 kuyambira ndime 18 mpaka 27, tiwerenge limodzi.

Nkhani yake ndi yaifupi. Chigumula chitatha, Nowa analima munda wa mpesa, anamwa vinyo n'kuledzera, ndipo anagona ali maliseche m'hema mwake. Hamu anaona umaliseche wa atate ake n'kukauza abale ake awiri panja. Semu ndi Yafeti anatenga chofunda, anachiika pamapewa pawo, n'kuyenda chafutambuyo nkhope zitayang'ana kwina, mpaka anawafunditsa atate awo osawaona. Vinyo atamuthera, Nowa anadziwa zomwe mwana wake anamuchitira ndipo anati: "Wotembereredwa ndi Kanani, adzakhala kwa abale ake kapolo wa akapolo."

Taonani dzina lomwe lili pamenepo. Ndi la Kanani. Pa ndime 25, pa 26 ndi pa 27, wotchulidwa kuti adzakhala kapolo ndi Kanani yekhayekha. Hamu sanatembereredwe, ndipo palibe ndime ina m'Baibulo lonse imene imati anatembereredwa. Palibenso mawu ngakhale amodzi m'nkhaniyi onena za khungu, tsitsi kapena mphuno ya munthu. Amene akunena kuti Hamu anada khungu chifukwa cha temberero akuwonjezera zake.

Tsono pitani pa Genesis 10:6. Hamu anali ndi ana anayi: Kusi, Mizraimu, Puti ndi Kanani. Kusi ndi dziko la kumwera kwa Igupto, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kumene lero kuli Sudan. Mizraimu ndiye Igupto yemweyo. Puti akatswiri ambiri amamuika cha ku Libya. Atatu onsewa ndi a mu Africa muno, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene Nowa anamutchula. Nanga Kanani anali kuti? Ndime 15 mpaka 19 za mutu womwewo zikutchula ana ake, Ayebusi, Aamori, Ahivi ndi ena, ndipo zikuti malire awo anachokera ku Sidoni mpaka ku Gaza, n'kulowera ku Sodomu ndi Gomora. Kumeneko ndi kumene lero kuli Lebanon, Israel ndi Palestine. Ndiye mwa ana anayi a Hamu, amene temberero linamugwera ndi yekhayo amene sanakhale mu Africa. Mnzanu wakuntchitoyo wakupatsirani samani ya kukhoti yolembedwa dzina la munthu wina, wa mudzi winanso.

Chinanso chomwe anthu amachidumpha: akulankhula pa ndime 25 ndi Nowa, osati Mulungu. Mawu a Mulungu okhudza Hamu ali koyambirira kwa mutu womwewu. Ndime 1 ikuti Mulungu anadalitsa Nowa ndi ana ake, sikuti ana awiri, ana ake onse. Pangano la utawaleza pa ndime 8 ndi 9 anachita ndi Nowa, ana ake ndi mbewu zawo zam'tsogolo. Ngati pali amene akuumirira kuti ndinu mdzukulu wa Hamu, ndiye kuti cholowa chanu cholembedwa ndi dalitso limenelo.

Mbiri ya m'Baibulo momwemo ikutsutsanso chiphunzitsochi. Akanakhala kuti ana onse a Hamu anaikidwa kukhala akapolo a ana a Semu, bwanji Aisraeli, mbumba ya Semu, ndi amene anaumba njerwa mu ukapolo ku Igupto, dziko la Hamu? Nimrodi, amene Genesis 10 imamutcha wamphamvu woyamba pa dziko lapansi ndiponso amene ufumu wake unayambira ku Babele, anali mwana wa Kusi. Zaka za m'ma 700 Yesu asanabadwe, mafumu a ku Kusi anagonjetsa Igupto n'kumulamulira kwa zaka pafupifupi 100. Mmodzi mwa iwo, Tirihaka, watchulidwa pa 2 Mafumu 19:9 akutuluka ndi asilikali ake kukamenyana ndi Asuri. Awa sanali akapolo a munthu. Mawu a Nowa anakwaniritsidwa kwina, pa anthu ake enieni: pa Yoswa 9 Agibiyoni, omwe anali Ahivi, anasanduka otema nkhuni ndi otunga madzi a Aisraeli, ndipo pa 1 Mafumu 9:20-21 Solomoni anagwiritsa ntchito ya thangata otsala a mitundu ya ku Kanani. Zinathera pomwepo, zaka pafupifupi 3,000 zapitazo.

Sindikufuna kukunamizani kuti ndimeyi ilibe chovuta chilichonse. Chovuta chilipo, koma ndi china: wolakwa ndi Hamu, nanga bwanji chilango chikugwera mwana wake? Genesis sakufotokoza mwachindunji. Aphunzitsi akale a Chiyuda ankati Nowa sakanatha kutemberera munthu amene Mulungu anali atamudalitsa kale, ndiye mawu ake anagwera pa mwana. Ena amati Hamu, mwana amene ananyazitsa atate ake, anauzidwa kuti nayenso adzaona manyazi kudzera mwa mwana wake. Ine ndimatsamira kwa amene amati mawuwa ndi ulosi wa makhalidwe a Akanani. Levitiko 18 imayamba ndi kuchenjeza Aisraeli kuti asatsate machitidwe a ku Kanani, kenako imandandalika machimo ovula umaliseche wa achibale ndi kupereka ana nsembe kwa Moleki, n'kumaliza ndi kunena kuti mitundu ija ikuchotsedwa m'dzikomo chifukwa cha zimenezi. Ndiye Akanani anaweruzidwa pa zochita zawo. Ndipo mutu womwewo ukuchenjeza Aisraeli kuti akadzachita zomwezo, dziko lidzawasanza nawonso, zomwe zinachitikadi pamene anatengedwa ukapolo ku Babulo. Magazi a Semu sanawapulumutse.

Ngakhale Mkanani weniweni chitseko sichinamutsekere. Rahabu wa ku Yeriko anali Mkanani, ndiponso mkazi wadama, koma anakhulupirira, anapulumuka, ndipo dzina lake lili pa Mateyu 1:5 mumzere wa makolo a Yesu. Mayi amene Yesu anamuuza kuti chikhulupiriro chako ndi chachikulu pa Mateyu 15:28, Mateyu akumutcha Mkanani. Ezekieli 18:20 ikunena poyera kuti mwana sadzasenza mphulupulu za atate wake. Ngati temberero silinathe kumanga Rahabu amene linali pa mtundu wake, lingakumangeni bwanji inu amene silinakutchuleni n'komwe?

Nanga chiphunzitsochi chinachokera kuti? Chinakula pamodzi ndi malonda a akapolo. Munthu amene akugulitsa mnzake pamsika, koma akufunabe kuti azitchedwa wopembedza, amasowa mawu oti atontholetse nawo mtima wake. Nthano yoti Hamu anada khungu inafala m'mayiko a Aarabu pamene akapolo ochokera ku Africa ankachuluka kumeneko, ndipo katswiri wa mbiri wa Chisilamu, Ibn Khaldun, anaitsutsa kale m'zaka za m'ma 1300, nati m'Torah, mabuku a Mose, mulibe mawu a khungu lakuda, khungu limatsata kutentha kwa dziko. Kenako azungu ogula akapolo anaitola. Kumwera kwa America, m'zaka za m'ma 1800, abusa ankailalikira paguwa kwa eni minda ya thonje ndi kwa akapolo awo omwe. Mu 1845 a Baptist a kumwerako anapatukana ndi anzawo a kumpoto pa nkhani ya ukapolo, n'kupanga Southern Baptist Convention, ndipo mpingo womwewo mu 1995 unapepesa poyera chifukwa choikira kumbuyo ukapolo ndi tsankho. Mpingo wa Mormon unkakaniza amuna akuda unsembe mpaka 1978. Chomvetsa chisoni n'choti Akhristu onsewa anali ndi Eksodo 21:16 m'manja mwawo, pamene pakuti wakuba munthu n'kumugulitsa aphedwe ndithu. Anali ndi 1 Timoteo 1:9-10, pamene Paulo akuika akuba anthu pagulu limodzi ndi opha anzawo. Ndime zimenezi ankazidutsa mwakachetechete chifukwa zinkakhudza thumba lawo.

Kwathu kuno tikudziwa momwe zinkachitikira. Anthu amene Jumbe ankawasonkhanitsa ku Nkhotakota, kuwawolotsa nyanja pa zombo, n'kuwayendetsa pansi ali m'magoli mpaka ku Kilwa, sanagwidwe ndi mawu a Nowa. Anagwidwa ndi mfuti, chifukwa panali ofuna onyamula minyanga ya njovu ndi olima minda ku Zanzibar. Kunena kuti linali temberero ndi kuchotsa mlandu pa amene anachita zimenezi n'kuusenzetsa Mulungu.

Koma ine chomwe ndimafunitsitsa kuti muone ndi momwe Baibulo limawaonetsera Akusi enieni, anthu akuda amene Aisraeli ankawadziwa maso ndi maso. Pa Numeri 12, Miriamu ndi Aroni ananena Mose chifukwa anakwatira mkazi Mkusi. Mulungu anawaitana atatu onse ku chihema, anaikira kumbuyo Mose, ndipo mtambo utachoka, Miriamu anapezeka ndi khate, thupi lonse mbuu. Anakhala kunja kwa msasa masiku asanu ndi awiri. Palibe pamene Mulungu anadzudzula Mose chifukwa cha mkaziyo.

Ndiye pali Ebedi-Meleki pa Yeremiya 38. Yerusalemu wazingidwa ndi Ababulo, mkate watha mumzinda, akalonga a Yuda amutenga mneneri Yeremiya n'kumutsitsira m'chitsime chopanda madzi, muli matope okhaokha, ndipo akumira pang'onopang'ono. Mfumu Zedekiya wavomereza chifukwa choopa akalongawo. Ansembe ali chete, ana a Abrahamu onse ali chete. Amene anadzuka ndi Mkusi, mdindo wa m'nyumba ya mfumu, mlendo m'dzikomo. Anailondola mfumu pa chipata cha Benjamini, pabwalo pomwe panali anthu, n'kuiuza kuti anthu awa achita choipa, munthuyu afera m'dzenjemo ndi njala. Atapatsidwa chilolezo sanangothamangira zingwe. Anayamba walowa m'chipinda cha pansi pa mosungira chuma, n'kutolera nsanza ndi zovala zakutha, anazitsitsa ndi chingwe, n'kumuuza Yeremiya kuti aziike m'khwapa kuti zingwe zisamucheke pomukoka. Tangoganizirani, mumzinda woti aliyense akuganiza za moyo wake, munthu uyu akuganizira khungu la m'khwapa mwa nkhalamba yanjala. Pa mutu 39:15-18 Mulungu anatumiza uthenga kwa iye yekha, kumutchula dzina, kuti mzinda ukadzagwa iye sadzaphedwa ndi lupanga, "popeza wandikhulupirira Ine". Ana a Zedekiya anaphedwa iye akuona, kenako anamukolowola maso. Mkusi uja analonjezedwa moyo.

M'Chipangano Chatsopano ndi chimodzimodzi. Pa Machitidwe 8 mngelo anamuchotsa Filipo ku Samariya kumene anthu ambiri ankatembenuka mtima, n'kumutumiza ku njira ya m'chipululu chifukwa cha munthu mmodzi, nduna yosunga chuma chonse cha Kandake, mfumukazi ya Aitiopiya. Anali pa galeta wake akuwerenga yekha buku la Yesaya, ndipo anabatizidwa Paulo asanatembenuke mtima n'komwe. Pa Machitidwe 17:26 Paulo yemweyo anauza anthu a ku Atene kuti Mulungu anapanga mitundu yonse ya anthu kuchokera mwa mmodzi. Ndipo m'zaka za m'ma 300, mfumu Ezana ya ku Aksum, kumene lero kuli Ethiopia, inali italandira kale Chikhristu, makolo a Angelezi akupembedzabe milungu yawo.

Za umphawi wathu, zifukwa zake zili ndi mayina. Ukapolo unachotsa anthu amphamvu m'midzi, atsamunda analanda minda n'kuika thangata, timagulitsa fodya ndi tiyi pa mitengo yoikidwa ndi ogula, tikudalirabe mvula ya kamodzi pa chaka, ndipo katangale wathu womwe sitingamukankhire kwa mzungu. Njala ya ku Ireland ya 1845 mpaka 1852 inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, azungu okhaokha, ndipo palibe amene amati iwowo ndi ana a Hamu. Chimene chimandiwawa n'choti eni ake a chiphunzitsochi anachitaya n'kupepesa, koma ife tikuchisunga. Mnyamata amene wakhulupirira kuti anabadwa wotembereredwa safunsanso kuti ndalama za mankhwala a kuchipatala zapita kuti, amangoti ndi mmene tinalengedwera. Ndipo pali ena ovala masuti amene apezerapo msika, akulipiritsa amayi osauka ndalama za sopo kuti awathyolere temberero lomwe kulibe, chonsecho Agalatiya 3:13 ikuti Khristu anatiwombola kale ku temberero la chilamulo posanduka temberero m'malo mwathu, ndipo sanalipiritse munthu.

Mukakumana naye mnzanuyo musakangane naye, mwina nayenso anangouzidwa ali mwana. Mumupatse Baibulo atsegule yekha Genesis 9:25, awerenge mokweza, mumufunse dzina lomwe waliona. Kenako apite pa 10:19 akuuzeni komwe Kanani ankakhala. Akakhala ndi ndime ina yomwe akuti ikunena za khungu lathu, mubwere nayo muno tidzaiwerengenso limodzi.