Malo amene simunawaone mvula ikugwa musawalipire

Mwandilembera kuti mwapeza malo kumudzi oti mumangepo nyumba ndi kulimapo, koma mwini wake akuti mulipire msanga chifukwa pali ena akuwafunanso. Mukufunsa zoyenera kuyang'ana musanatulutse ndalama.

Mawu oti "pali ena akuwafunanso" andilasa mtima, chifukwa mchemwali wanga anauzidwa omwewo. Anakaona malowo m'chilimwe, pansi pali gwa, posalala bwino, ndipo analipira. Mvula itayamba, theka la malowo linasanduka dambo. Mbewu zinachita chikasu n'kupinimbira, pakuti mizu ikakhala m'madzi imasowa mpweya. M'munsi mwake munali bango, chizindikiro choti madzi amakhalitsa pamenepo, koma panalibe womuuza. Asanapume n'komwe, woyandikana naye anamanga mpanda pakanjira kopita kumsewu. M'mapepala munalibe mawu alionse omupatsa ufulu wodutsa. Ndinamuona akulira, munthu amene anasunga ndalamazo movutikira kwa zaka zambiri, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Chimandidabwitsa n'choti munthu pogula galimoto yakale amapita ndi makaniko, koma pogula malo oti adzadyetse ana ake amangoyenda kamodzi ndi wogulitsa yemweyo. Ndikunena mosapsatira: wogulitsa wokufulumizitsani ndimamukayikira. Ngati sangadikire kuti mufufuze, asiyeni enawo agule. Ndipo musamve za iye yekha. Chezani ndi amene alima moyandikana kwa nthawi yaitali, adzakuuzani kumene madzi amadutsa ndiponso ngati malire ali pa mkangano.

Musanalipire

Pitani ku ofesi yoona za malo mukatsimikize mwini wake weniweni, malire, njira yolowera, komanso ngati malowo amaloledwa kumangapo nyumba kapena ndi aulimi basi. M'mayiko ambiri kukhala ndi malo sikukupatsani ufulu wopatutsa madzi a mumtsinje kapena kukumba mjigo popanda chilolezo, ndipo kumanga m'mphepete mwa mtsinje n'koletsedwa. Kumbani dzenje lakuya mita imodzi, thiranimo madzi, muone ngati akulowa pansi kapena akungokhala. Kayezetseni dothi: mbewu zambiri zimakula bwino pH (muyeso wa asidi m'dothi) ikakhala pakati pa 6 ndi 7. Onaninso ngati malowo ndi okwanira kuti chitsime chitalikirane ndi chimbudzi mamita osachepera 30, chimbudzicho chili chakumunsi.