Anasiya mowa, koma tsiku logulitsa kachewere anagwanso

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Tsangano m'boma la Ntcheu. Amuna anga anayamba kumwa tisanakwatirane: kachasu, masese, ndi timabotolo tija amati midoli. Chaka chatha anadwala kwambiri mpaka kugonekedwa, ndipo atatuluka m'chipatala analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti mowa basi. Anasiyadi. Tinalima kachewere limodzi, tinagula malata, ana anasiya kuthawira kuseri kwa nyumba akamva mawu a bambo awo.

Sabata ziwiri zapitazo anapita ndi matumba ku msika wa Lizulu. M'mawa mwake tinali titakangana za ngongole ya feteleza, choncho anachoka osadya. Anabwera patapita masiku awiri, ndalama itatsala pang'ono, nsapato kuphazi limodzi. Kuchokera tsikulo sakulankhula. Ndikawafunsa amangoti, "Ine ndine wolephera, ndisiyeni." Ndawamvanso fungo la mowa. Mwezi wamawa kuli ukwati wa mlamu wanga ndipo apongozi anyika kale chimera. Achimwene awo amawaseka kuti Mngoni sakana mowa. Kodi ndizibisa ndalama? Ndiziwalondola? Kapena ndingolongedza ndibwerere kwathu?

Mayi wothedwa nzeru, Tsangano

Mwana wanga,

Pepa kwambiri. Ndikudziwa kuti chimene chikukupweteka koposa ndalama ya kachewere ndi chakuti unali utayamba kugona tulo, ndipo tsopano wayambanso kutchera khutu ukamva phazi pakhonde usiku.

Miyezi yonse ija anakhala osamwa sinapite pachabe. Malata ali padenga, ndipo bamboyo wadzionera yekha kuti angathe kudzuka m'mawa, kulima, kudya ndi kugona popanda botolo. Kugwa kumene kwachitikaku madokotala amakudziwa bwino. Kafukufuku wa ku America amasonyeza kuti mwa anthu 100 alionse amene alandira chithandizo chosiya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, pakati pa 40 ndi 60 amabwererakonso nthawi ina, ndipo ambiri mwa iwo amadzukanso. Sindikunena izi pofuna kuwaikira kumbuyo. Analakwa, ndipo ndalama ya banja inatayika. Koma ukaona kugwaku ngati mapeto, iwonso adzakuona choncho.

Tiye tilione bwino tsiku lija, chifukwa kalata yako yanena zambiri kuposa mmene ukuganizira. Munthu anachoka pakhomo ali wokwiya, m'mimba mulibe kanthu. Anasenza matumba, anakangana ndi mavenda pamtengo, anatopa. Kenako m'thumba munalowa ndalama yambiri nthawi imodzi, mwina koyamba chisiyireni mowa. Ndipo anali pa Lizulu, pamene msewu wa M1 wadutsa m'malire, uku Malawi uku Mozambique, pamalo pamene kale ankati akagulitsa amakhala ndi anzawo mpaka mdima. Thupi la munthu amene wamwa zaka zambiri limakumbukira. Fungo la pamalo, nyimbo za pa bala, dzanja la mnzake likumukodola, kulemera kwa ndalama m'thumba, zonsezi zimadzutsa chibaba munthuyo asanaganize n'komwe zoti amwe. Njala, mkwiyo, kutopa ndi kusungulumwa zimafooketsa mphamvu yokana. Tsiku limenelo zinakumana pamodzi.

Usamve ngati ndikuti mkangano wa feteleza ndiwo unawamwetsa. Ayi. Banja lililonse limakangana za ngongole, ndipo botolo analinyamula ndi dzanja lawo. Ndikungofuna uone kuti masiku oopsa amadziwika asanafike, ndiye kuti mungathe kuwakonzekera muli awiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu aja akuti "ndine wolephera". Manyazi ndiwo amasandutsa kugwa kwa masiku awiri kukhala kwa chaka chonse. Munthu amadziuza kuti, "Poti ndawononga kale, ndingopitiriza," ndiye amamwa kuti aiwale kuti anamwa. Choncho lankhula nawo msanga. Sankha m'mawa ali bwinobwino, atadya, ana atapita kusukulu. Usayambe ndi kuwerengera ndalama, imeneyo mudzaikamba tsiku lina. Uwauze kuti, "Bambo a ana, zinandipweteka. Koma ndinakuonani mmene munalili miyezi yonse ija ndipo ndikufuna munthu yemwe uja. Tandiuzani, zinayamba bwanji pa Lizulu?" Ukatero ukhale chete, uwasiye alankhule ngakhale atazungulira.

Ndipo uwafunse mosabisa ngati amaganizako zodzipha. Ambiri amaopa kuti kufunsa kumaika maganizowo m'mutu mwa munthu, koma si zoona, kumamutsegulira pakamwa. Bambo wa ngongole, wa manyazi, amene wasiya kulankhula, ndi wofunika kumuyang'anitsitsa. Inu ndinu alimi, m'nyumba simusowa mankhwala opopera mbewu ndi a makoswe. Achotse lero, ukawasungitse kwa munthu amene umamukhulupirira.

Palinso nkhani ya thupi. Ngati ayambiranso kumwa tsiku ndi tsiku, asasiye mwadzidzidzi ali okha kunyumba. Kunjenjemera, thukuta ndi kusanza zimayamba pakati pa maola 6 ndi 24 munthu atamwa komaliza. Ena amakomoka ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba, ena pofika tsiku lachitatu amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe. Zimenezi si ufiti, ndipo zimapha ngati munthu sanathandizidwe. Pitani ku chipatala cha boma cha Ntcheu mukafunse anamwino oona za matenda a maganizo. Kupitako sikutanthauza kuti munthu wapenga. A chipatala cha St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu nawo amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba.

Za kubisa ndalama, ndikuti ayi. Ndalama yobisa imabala ndewu, ndipo munthu wa chibaba akaisowa amagulitsa nkhuku kapena thumba la mbewu. Chofunika ndi pangano loti iwo alivomere ndi pakamwa pawo ali osaledzera. Tsiku logulitsa muzipita awiri, atadya nsima kapena phala m'mawa. Ndalama ikangolowa m'manja, ipite pa Airtel Money kapena Mpamba, ina mugulire feteleza tsiku lomwelo, ina ku banki m'khonde. M'thumba mwawo mutsale ya minibasi ndi ya chakudya. Mukagulitsa musachedwe pamsika. Koma ya fizi ya ana, imeneyo sunga wekha ndipo uwauze poyera kuti ukutero.

Kuwalondola nakonso usayambe. Udzatopa, adzakwiya, ndipo adzaphunzira kubisa bwino. Iwe ndiwe mkazi wawo, si wapolisi. Afunika bambo mnzawo, mwina mkulu wa mpingo kapena wina amene anasiya mowa kalekale, woti azimuimbira foni chibaba chikawagwira. Chibaba chimakwera n'kutsika, kawirikawiri sichipitirira theka la ola ngati munthu wachoka pamalopo, wadya kanthu, walankhula ndi wina. Gulu la anthu othandizana kusiya mowa la Alcoholics Anonymous, lomwe linayamba ku America mu 1935, limaphunzitsa anthu ake kuti asalumbire za moyo wonse, angoti lero lokha sindimwa. Kwa munthu amene wangophwanya lonjezo lalikulu pamaso pa ankhoswe, lonjezo la tsiku limodzi ndi limene angathe kulinyamula. Muganizirenso za madzulo. Nthawi imene ankakhala ku mowa ikangosiyidwa yopanda kanthu imawaitana. Bawo ya pakhonde panu, kwaya, dimba, chilichonse chokhala ndi anthu osamwa.

Tsopano za ukwati. Apa ndiye ankhoswe agwire ntchito yawo, chifukwa si bwino kuti iwe mtengwa ukayime pamaso pa apongozi kuwauza za mowa wawo. Ankhoswe a mbali zonse akhale pansi ndi apongozi ndi alamu akowo sabata isanafike, awakumbutse mmene mwana wawo analili m'chipatala chaka chatha. Mawu akuti Mngoni sakana mowa amandipweteka mtima. Ndi amuna angati abwino amene tawaika m'manda chifukwa choopa kusekedwa pa chipanda? Munthu angathe kuvina ngoma ku Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, chishango m'manja, osalawa dontho, ndipo palibe angamulande Ungoni wake. M'bale amene akutambasulira chikho munthu woti anatsala pang'ono kufa ndi mowa auzidwe ndi akulu kuti aleke.

Pa tsikulo bamboyo apatsidwe ntchito yowatangwanitsa, monga kulandira alendo kapena kuyang'anira nkhuni ndi madzi, kutali ndi kumene kuli migolo. Adye msanga. M'manja mwawo mukhale chakumwa china nthawi zonse kuti asapatsidwe chikho. Ngati ndi thobwa likhale latsopano, poti thobwa logonera masiku limasasa n'kuyamba kuledzeretsa, ndipo kakomedwe kake kokha kangathe kudzutsa chibaba. Akonzeretu yankho lalifupi: "Adokotala anandiletsa." Mubwerere kunyumba dzuwa lisanalowe. Ngati iwo eni aona kuti sangapirire, apite ku tchalitchi kokha, akapereke mphatso, abwerere. Mlamu wako adzadandaula pang'ono, koma zidzatha.

Funso lako lomaliza ndi lolongedza. M'kalata yako sunanene kuti amakumenya kapena kuopseza ana. Ngati zimachitika ndipo unangozibisa, usadikire ankhoswe: tenga ana upite kwanu, ukanene ku Victim Support Unit ya polisi. Ngati sizichitika, ine ndikuti dikira kaye uone zimene achite m'masabata akubwerawa. Usayang'ane misozi kapena malumbiro, uyang'ane ngati avomera kupita kuchipatala, ngati avomera pangano la ndalama, ngati alola ankhoswe kulowererapo. Akakana zonsezi, ubwerenso undilembere, tidzakambirane za iwe ndi ana. Pakadali pano uza mayi ako kapena mnzako mmodzi wa ku chigwirizano zimene zikuchitika, kuti nawe ukhale ndi kolirira.

Azakhali