Achemwali, musamangolandira zithunzi pa WhatsApp

Mlongo wina wa ku Turffontein wandilembera imelo. Iye amalemba, mnzake amajambula, ndipo akufuna kutulutsa kabuku ka Amalawi a kuno ku Joni: atelala, anyamata a m'magadeni, amayi oluka tsitsi. Mnzakeyo akuti azikajambula yekha n'kumamutumizira zithunzi pa WhatsApp kuti aziika mawu. Ndiye wafunsa kuti, "Kodi ntchito yanga ndi yongolemba timawu pansi pa zithunzi za eni ake?"

Ayi achemwali, musavomere. Muzipitira limodzi, chifukwa chimene inu mukatole kumeneko kamera singachigwire.

Mzinda uno unaziona kale zimenezi. Mu 1954 mtolankhani wa magazini ya Drum, Henry Nxumalo, anadzimangitsa dala kuti akaone nkhanza za m'ndende ya Number Four, pomwe lero pali Constitution Hill. Kamera sakanalowa nayo. Wojambula wa Drum, Bob Gosani, anakwera pa nyumba ina yoyandikana ndi ndendeyo n'kujambula akaidi ali mbulanda pabwalo, akuwadumphitsa pochita chipikisheni, mchitidwe womwe ankautcha tauza. Chithunzi chinatseka pakamwa aliyense wofuna kukana. Koma zibakera, kutukwana kwa alonda ndi uve wa m'zitokosi anatuluka nazo ndi Nxumalo, amene anagonamo. Pamenepo ndani anali wothandizira mnzake?

Chimodzimodzi wojambula David Goldblatt ndi mlembi Nadine Gordimer pa buku lawo la On the Mines la mu 1973. Onse anakulira m'matauni a migodi, wina ku Randfontein wina ku Springs, migodi ya dera lomwelo kumene agogo athu ankabwera ndi Wenela. Gordimer sanatsate chithunzi chimodzichimodzi n'kumachifotokoza. Analemba nkhani yakeyake, ya dziko lomwe analidziwa kuyambira ali mwana.

Ine ndinaphunzirira pa mabasi opita kumudzi pafupi ndi Park Station. Ndinapita ndi mnyamata wina wojambula, tinapeza bambo atakhalira chikatundu chokulunga mu pulasitiki yakuda, chomata ndi tepi, pamwamba atalemba Mangochi ndi nambala ya foni. Nditacheza nawo anandiuza kuti muli mabulangete a mayi awo, ndipo iwo sakwera nawo basiyo, atha zaka 7 osaponda kwawo. Mnzangayo sanamve zonsezi, anali kalikiliki ndi kamera. Koma madzulo atandionetsa zithunzi ndinaona zala za bambowo, zong'aluka ndi simenti, zitagwira chingwe cha katunduyo ngati wina awalanda. Ine ndinakhala nawo pafupifupi ola lathunthu koma zalazo sindinazione. Ndikanalemba kuti "bambo atakhala pa katundu" ndikanangowononga pepala, poti owerenga maso ali nawo.

Pali china chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo mukambirane musanayambe. Abale athu ambiri kuno mapepala awo anatha kapena alibe n'komwe. Inu mukhoza kusintha dzina la munthu ndi cholembera, koma nkhope ikatuluka yatuluka. Pemphani kaye, muuzeni munthuyo komwe chithunzicho chikafike, muonetseni pa kamera pomwepo. Akakana, jambulani manja, makina osokera kapena msana. Kabuku kanu kasachititse munthu kukagona ku Lindela, komwe amatsekera alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo.

Za ndalama ndi maina lembani papepala lero, muli pa ubale wabwino: maina onse awiri pachikuto, zithunzi ndi zake, mawu ndi anu, ndipo wina asagulitse gawo la mnzake osamufunsa. Mnzanuyo akafuna kunola luso, akafunse ku Market Photo Workshop ku Newtown, sukulu yomwe Goldblatt anayambitsa mu 1989.

Loweruka likubwerali sankhani telala mmodzi yekha, mupite nonse awiri. Iye akamajambula, inu khalani pa benchi mufunse bambowo kuti makinawo anawagula bwanji.