Chifuwa cha atate ndi fumbi la asibesitosi

Funso: Atate anga anagwira ntchito zaka zambiri pafakitale ina ya malata a asibesitosi asanabwerere kumudzi. Tsopano amabanika ngakhale akungopita kudimba, ndipo mankhwala a TB sanawathandize. Kodi angalandire chipukuta misozi? — Mayi wa ku Katete

Yankho: Pepani mayi. Fumbi limenelo lili ndi tiulusi tosaoneka tomwe timakanirira m'mapapo n'kusiya zipsera. Matendawa amatha kubisala zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo anthu amatha kuwayesa TB. Zipserazo sizipola. Ngati atatewo amasuta fodya asiye, chifukwa fodya ndi fumbili zikaphatikizana, khansa ya m'mapapo imabwera mosavuta.

Kuchipatala muwauze adokotala ntchito yomwe ankagwira, osadikira kufunsidwa, ndipo mupemphe X-ray. Ku Zambia, odwala chifukwa cha ntchito amalipidwa ndi bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, pomwe Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe imapima mapapo a ogwira ntchito m'fumbi. Kumaofesiko nkhani yapakamwa siyenda, amafuna umboni. Choncho fufuzani m'masutikesi akale: kalata yolembedwera ntchito, mapepala a malipiro, ngakhale khadi lothothoka. Kuti fakitale inatsekedwa, chimenecho chisakuletseni kukafunsa.