Kukwera Table Mountain ndi ana mu Disembala: yankho kwa achemwali opita ku Cape Town

Achemwali, mwati mukupita ku Cape Town mu Disembala kukaona achibale, muli ndi masiku awiri opuma, ndipo mukufuna kukwera Table Mountain wapansi pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana awiri a zaka 12 ndi 15. Mwatinso poti munakwerako Mulanje, simukuona chovuta. N'zotheka ndithu, ndipo ana a msinkhu umenewo amakwera bwinobwino. Koma chonde musalipeputse phirili. Nsonga yake, Maclear's Beacon, ndi mamita 1,086 okha pomwe Sapitwa ndi 3,002, komanso lili m'kati mwa tauni, ndiye alendo ambiri amalitenga ngati kachitunda kokajambulirapo zithunzi. Ku Mulanje mumanyamuka pa Likhubula ndi munthu wodziwa njira, amene amaona chiperoni chisanafike n'kukubwezani. Uku palibe amene adzakuimitseni poyambira n'kukufunsani ngati mwatenga madzi kapena juzi.

Njira yoyenera inu ndi ya Platteklip Gorge. Imayambira pa Tafelberg Road, pafupifupi kilomita imodzi ndi theka kupitirira pa siteshoni ya m'munsi ya cable car, kangolo koyenda pa zingwe konyamula anthu kukwera ndi kutsika phirili. Takisi yoitanitsa pafoni ya Uber kapena Bolt ikakutulani pomwepo. Basi za MyCiTi zopita ku Camps Bay zimaima pa Kloof Nek, koma zimafuna khadi ya myconnect ndipo kuchokera pamenepo mudzayendabe mtunda wotopetsa musanayambe n'komwe kukwera. Kutalika kwa njirayi sikufika makilomita atatu, koma mumakwera mamita pafupifupi 700, onsewo masitepe a miyala ataliatali okhotakhota. Simusochera, simufunika chingwe, kungoti ntchafu zimawawa. Ndi ana werengerani maola atatu. Mukatulukira pamwamba, kudzanja lamanja ndi ku siteshoni ya cable car, mphindi 15 kapena 20. Kumanzere ndi ku Maclear's Beacon, pafupifupi ola limodzi kupita kokha.

Yambani 6 koloko m'mawa, osapitirira 7. Mbali imeneyi ya phiri inayang'ana kumpoto, kutanthauza kuti dzuwa limaomba m'khwawamo pafupifupi tsiku lonse, ndipo mithunzi ndi yosowa. Woyamba 10 koloko amakafika potsetsereka kwambiri dzuwa lili paliwombo, miyala itatentha, madzi atatha. Ena mwa amene amatsitsidwa ndi opulumutsa anthu nyengo yotentha vuto limayambira pamenepa: mutu kupweteka, chizungulire, nseru, minofu kukokana. Munthu aliyense akhale ndi malita awiri a madzi akeake, osati botolo limodzi la banja lonse. Limodzi muliike mufiriji usiku liume, lizisungunuka m'njira. Musadalire kamtsinje ka m'khwawa, m'chilimwe cha kumeneko kamachepa kwambiri. Kamba akhale wa mchere ndi wa shuga: mtedza wokazinga, nthochi, mazira owiritsa, buledi. Idyani pang'onopang'ono njala isanayambe.

Tsopano pamene ndikufuna mumvetsetse bwino ndi pa mphepo. Disembala ndi nyengo ya mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, yomwe kumeneko amaitcha Cape Doctor. Ndi m'bale wake wa mwera wa kunyanja kwathu. Imatenga chinyontho cha m'nyanja n'kuchikankhira pamwamba pa phiri, chinyonthocho chikazizira chimasanduka mtambo woyera woyala pamwamba ngati nsalu ya patebulo. Mukauona muli m'tauni ndi wokongola. Mukakhala m'kati mwake simuona ngakhale mamita khumi, zovala zimanyowa, ndipo thukuta lomwe munakwera nalo limayamba kukuzizirani. M'munsi anthu ali pa malaya a manja aafupi, inu pamwamba mano akugundana. Choncho aliyense anyamule juzi ndi jekete yotchinga mphepo ndi mvula, ngakhale kutacha kopanda kamtambo.

Mphepo yomweyo ndi imene imatseketsa cable car. Cholakwa chachikulu cha alendo ndi kunena kuti tikwera wapansi, potsika titenga cable car, n'kuwerengera mphamvu ndi madzi a ulendo wokwera wokha. Afika pamwamba apeza yatsekedwa, kapena ali mkati mojambula amva hutala yolira yodziwitsa kuti akutseka. Pamenepo kwatsala kutsika masitepe onse aja ndi miyendo yonjenjemera, ndipo kutsika kumapweteka maondo kuposa kukwera. Akakolo ambiri amabinyira potsika. M'mawa musananyamuke onani pa webusaiti ya cable car ngati yatsegula komanso nthawi ya ulendo womaliza wotsika, chifukwa imasintha ndi nyengo. Ngakhale ikhale yotsegula, konzekerani ngati mudzatsika wapansi: maola ena awiri, ndi theka la lita la madzi losakhudza mpaka pamwamba. Ikakhala ikuyenda, gulani tikiti yotsika yokha. Ulendo wake ndi wa mphindi zisanu, ndipo pansi pake pamazungulira kuti aliyense aone mbali zonse.

Nkhungu ikakupezani pamwamba, khalani pa njira yooneka bwino. Mukaitaya, imani, valani zofunda, khalani pamodzi pamalo obisala mphepo, imbani foni. Musayese kutsikira m'khwawa lililonse lomwe likuoneka ngati lolunjika kutauni. Ambiri mwa makwawa amenewo amathera paphompho, ndipo ukatsika miyala iwiri itatu kubwereranso m'mwamba kumakanika. Manambala awa alembeni m'foni komanso papepala: ya gulu lopulumutsa anthu m'mapiri la Wilderness Search and Rescue, 021 937 0300, ndi ya ngozi ya mzinda wa Cape Town, 021 480 7700. Nambala ya 112 imagwiranso pa foni ya m'manja. Gulani simukhadi ya kumeneko (amafuna pasipoti polembetsa), tchajani foni idzaze, tengani power bank, ndipo achibale anuwo auzeni njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera. M'makwawa ena netiweki imadukaduka, ndiye mapu muwasungiretu m'foni muli kunyumba.

Nsapato zikhale za matayala ogwira, zomwe munavalapo kale. Zatsopano zimatulutsa matuza, mapatapata ndiye ayi. Chipewa ndi mafuta oteteza ku dzuwa ndi zofunika kwa tonse, khungu lakuda nalo limapsa. Yang'anani popondapo, mphiri imakonda kuothera dzuwa panjira ndipo sithawa msanga. Mbira za pamwamba zazolowera anthu, koma ana asazipatse chakudya, zimaluma. Moto ndi fodya ayi, zitsamba za m'phirimo nyengo imeneyi zimayaka ngati udzu wa mu Okutobala.

Za achifwamba ndinene mosabisa: zimachitika, makamaka m'njira zopanda anthu komanso kukali mdima kapena kukuda. Oyang'anira malowa amalangiza kuyenda anthu anayi kapena kuposerapo, ndipo inu mwakwana. Sankhani tsiku lomwe njira ili ndi anthu, mapasipoti ndi ndalama zambiri zitsale kunyumba.

Wina akakuuzani za njira ina yokwerera phirili yotchedwa India Venster, ikaneni. Imadutsa pansi pa zingwe za cable car ndipo ili ndi malo okwera ndi manja m'mphepete mwa phompho. Si ya ulendo woyamba. Njira ya Skeleton Gorge yoyambira ku munda wa zomera wa Kirstenbosch ili ndi mthunzi wabwino wa nkhalango, koma ndi yaitali, ili ndi makwerero, imaterera kukagwa mvula, ndipo mumalipira polowa m'mundamo. Mukadzuka n'kupeza mtambo wayala pa Table Mountain, sinthani, pitani ku phiri loyandikana nalo la Lion's Head, mamita 669, ola limodzi ndi theka kukwera. Chakumapeto kuli matcheni ndi zogwirira zachitsulo, koma pali njira yolambalala ya amene amaopa pamwamba. Nakonso mphepo ikakula bwererani.

Tsiku lachiwirilo miyendo idzakhala italema, ndiye tengani galimoto mupite ku Cape Point, mudzere ku Boulders Beach pafupi ndi Simon's Town ana akaone ma penguin, mbalame za m'nyanja zosauluka. Uku kokha tengani mapasipoti, chifukwa nzika za mayiko a SADC zimalipira mtengo wotsikirapo kusiyana ndi alendo ochokera kutali, koma pokhapokha mutaonetsa umboni. Lipirani ndi khadi ya kubanki. Anyani a ku Cape Point amadziwa kutsegula zitseko za galimoto, ndiye mukaima lokani, mawindo akhale otseka, ndipo mwana asatuluke atagwira chakudya m'manja.